Che Nyundo ndi Mabodza a Galimoto za m'Filimu

Lachisanu lapitali tinali ku Nkope, pa sadaka ya masiku makumi anayi ya Che Nyundo. Koma anthu inu! Asodzi a ku Nkhudzi anabwera pa maboti awo, a ku Chembe nawonso chimodzimodzi, ife a m'tauni ya Mangochi tinachita kupanikizana pa lole. Ine, munthu wamkulu ndi imvi zangazi, ndinakhala pamkeka n'kumawerenga mitu ya anthu mmalo momvetsera dua, pemphero lopempherera malemuwo. Ndisabise: munthu ameneyu ndinamuchitira nsanje ali moyo, ndipo ngakhale pano wagona, nsanjeyo sinatheretu.

Dzina lawo lenileni anali Che Amadu. Anabwera zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inatikhuthulira anthu, analowera ku Chiponde wapansi, iwo ndi akazi awo Abiti Omari. Anzawo othawa nkhondo ananyamula mapoto ndi mabulangete. Iwo ananyamula mutu wa nyundo ya mkuwa, wopanda mpini, ataukulunga pansanza ngati mwana. Ndi pamene panachokera dzina la Che Nyundo. Kumsasa wa othawa nkhondo sanakhaleko nthawi yaitali. Ankati kuima pamzere wa ufa kumawadwalitsa msana kuposa kugona pansi pa lole. Anamanga kachisakasa kuseri kwa msika n'kuyamba kukonza chilichonse chokhala ndi nati: njinga, mapulaimasi, zigayo, kenako malole ndi matola.

Manja awo ndiwo ankayamba kuoneka munthu asanaone nkhope. Zala zinali zopindikapindika, zina zosakhoza kufumbata, moti sipanala ankaigwira ndi manja awiri. Mwini galimoto akafika n'kuyamba kufotokoza vuto, ankamukwezera dzanja kuti akhale chete. Ankatenga kamtengo, mbali ina n'kugunditsa pa injini, mbali ina pafupa la kuseri kwa khutu, n'kutsinzina. Ankakonda kunena kuti injini sinama, amanama ndi mwini wake, ndiye ndi bwino kuyamba kumva wonena zoonayo. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ataimirira. Sindinawaonepo akuthamanga, ngakhale mvula.

Ine nthawi imeneyo ndinali wotanthauzira mafilimu pa vidiyo ya Che Twaibu, wamalonda wina wa m'tauni. Inali nyumba ya malata, mazenera titatseka ndi ziguduli, jenereta ikulira kunja. Tinkaonetsa masana, ikangotha swala ya Asiri, pemphero la dzuwa litapendeka. Ndinkaima pambali pa kanemayo n'kumauza anthu zimene azungu akuyankhula. Chingerezi changa chinali cha Sitandade 8, ndiye pamene chathera ndinkathira zanga, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Anthu ankabwerera ine, osati filimu. Ndikadutsa pamsika amayi ogulitsa zitumbuwa ankandiitana kuti Che Jafali, lero azungu anu anena chiyani? Ufumu wanga unali umenewo, ndipo unkandikwana.

Tsiku lina jenereta inazima filimu ili pakati. Che Twaibu anakatenga Che Nyundo, anaikonza, ndipo powathokoza anawauza kuti alowe aonere nawo. Tsoka langa, filimu yake inali ya mipikisano ya galimoto ya makedzana. Ine ndinali nditalengeza kale kuti zonsezi zinachitikadi, chifukwa ndi zimene analemba koyambirira. Ndili mkati mokometsa kuti onani mnyamatayo waponya giya ina, kumbuyo kunamveka mawu.

"Mentira!"

Tonse tinatembenuka. Anali Che Nyundo, ataimirira pakhomo, akupukuta manja pansanza.

"Ndikuti bodza. Galimoto imeneyo ili ndi magiya anayi basi. Uyu wasintha kasanu n'kanayi, onse okwera. Ena akuwatenga kuti?"

Anthu anaseka. Ine ndinati tiyeni tipitirize, akuluwa atopa ndi dzuwa. Koma mnyamata wina wa kabaza anafunsa kuti inu mukudziwa bwanji, ambuje? Ndipo anayankha mosakweza mawu kuti nthawi ya Apwitikizi anagwira ntchito zaka zambiri ku Beira, pa galaja ya mzungu wina wokonda mipikisano, ndipo galimoto ngati imeneyo anaimasulapo ndi kuimanga ndi manja awo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameneka kanayamba kumeta ine.

Kuyambira pamenepo, filimu iliyonse ya galimoto sankaiphonya. Ndipo panalibe imene inawakhutiritsa. Akamva injini ankapukusa mutu, amvekere thupi ndi la galimoto ina, kulira n'kwa ina. Munaonapo mbuzi ikulira ngati ng'ombe? Madalaivala awiri akamathamanga mogundizana n'kumayang'anana ndi maso ofiira, iwo ankati pa liwiro limenelo ukacheuka kuona mnzako ndiye kuti watsanzika, ndipo chimene umaona kutsogolo ndi fumbi ndi mafuta othothoka pamagalasi. Galimoto ikangogunda pang'ono n'kuphulika, ankafunsa ngati munali mabomba. Wopambana akatsika nkhope ili mbee, tsitsi lili m'malo, mkazi wokongola akumudikira, ankaseka mpaka kutsokomola. Ankati azungu awo ankatsika ali bii ngati ife tomwe, maso okha ali oyera, akununkha thukuta ndi mikodzo, moti akazi awo ankawapatsa moni ali patali.

Chimene chinkawawawa kwambiri chinali china. Ankati mafilimuwa amaonetsa munthu m'modzi akunyamula chikho, ngati galimotoyo inadzimanga yokha. Kumbuyo kwa munthu ameneyo kunkakhala amuna khumi osadya chichokereni dzulo, okankha, onyamula migolo ya petulo, opsa manja ndi mabuleki. Ku Beira onsewo anali anthu akuda, ndipo pojambula chithunzi ankawauza kuti asunthe. Apa ndinawazindikira kuti nawonso nsanje anali nayo, yaikulu kuposa yanga. Ankalumbira kuti poyesa galimoto pamsewu wa ku bwalo la ndege, iwo ankaithamangitsa kuposa bwana wawo, koma munthu wakuda sankaloledwa kupikisana. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anavomereza kuti filimu ina yanena zoona: pamene dalaivala anabisala kuseri kwa migolo n'kusanza mpikisano usanayambe. Anati onse ankatero, ngakhale odzitama.

Tinakangana kangapo, ine ndi iwo. Tsiku lina ndinawauza pamaso pa anthu kuti, "Che Nyundo, filimu ndi filimu. Anthuwa abwera kudzasangalala, sanabwere kudzaphunzira umakaniko."

"Ndiye muziwauza kuti ndi nthano, Che Jafali," anatero. "Nthano ine ndilibe nayo mlandu. Koma inu mwaima apo mwati zinachitikadi. Amene anafa m'galimoto zimenezi anali ndi amayi awo."

Anthu anawomba m'manja. Anawombera iwo, m'nyumba yanga! Posakhalitsa Che Twaibu anawagulira mpando wa ndalema n'kuuika kutsogolo, pomwe ine zaka zonsezo ndinkaima chiimire. Anayamba kuimitsa tepi kuti akuluwo afotokoze. Mawu aja akuti mentira anafalikira tauni yonse. Wogulitsa chambo akanena kuti n'cha lero, ogula amvekere mentira. Ngakhale mayi a kunyumba kwanga, tsiku lina nditachedwa n'kunena kuti ndinali kumsikiti, anangoti mentira, osatembenuka n'komwe. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo ine ndinatsimikiza kuti wochoka sakhala ine.

Chida chowagwetsera anandipatsa okha. Masana ena a mvula, anthu sanabwere, tinatsala awiri pakhonde la vidiyo. Ndinawafunsa za manja awo, mwina pofuna kungocheza, mwina ayi. Anandiuza mwachidule. Pa mpikisano wina wilo la galimoto ya bwana wawo linazuka, galimoto inagubuduzika, bwanayo anafera pomwepo. Apolisi anati wolakwa ndi amene anamanga wilolo. Anawamenya ndi mbalamatodya, chithabwa chija chomenyera m'manja, masiku atatu, mpaka zala zinathyoka.

"Musauze anthu," anatero. "Nyumba ndinasiya, munda ndinasiya. Chimene ndawoloka nacho ndi dzina lakuti mmisiri. Ndani angapereke lole yake kwa munthu amene akuti anapha bwana wake?"

Ndinalonjeza. Ndinagwira pachifuwa n'kulonjeza.

Patapita miyezi iwiri Che Twaibu anabweretsa tepi ina kuchokera ku Blantyre. Mwachizolowezi ndinayamba kuionera ndekha m'mawa kuti ndikonzekere. Inali ya mipikisano yakale ya ku Ulaya. Chapakati pake, galimoto imaima kuti asinthe mawilo. Mawilo a nthawi imeneyo ankagwidwa ndi nati imodzi yaikulu ya mapiko, yomangidwa pomenya ndi nyundo. Makaniko wina waulesi, maso ali pa mtsikana, amamenya kawiri kokha n'kuisiya. Galimoto inyamuka, natiyo iyamba kumasuka pang'onopang'ono, wilo lizuka, dalaivala afa. Nditaona zimenezo ndinabweza tepi katatu. Ndinakondwa ngati ndatola chikwama.

Masana ake nyumba inadzaza mpaka ena anakhala pansi. Che Nyundo anali pampando wawo, miyendo atapingasa. Itafika mbali ija, ndinakweza mawu.

"Eya, abale, muoneni bwino makaniko uyu. Ameneyutu ndi Che Nyundo athu ali ku Beira! Onani kamenyedwe kake. Ka-a-modzi, ka-a-wiri, basi watopa. Afunseni okha akuuzeni bwana wawo ali kuti lero. Afunseni zala zinapindika bwanji!"

Ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala zanga za masiku onse. Koma wilo litazuka pakanemapo, kuseka kunazilala, chifukwa anthu anaona nkhope ya akuluwo. Sanakuwe mentira. Anaimirira pang'onopang'ono n'kupempha Che Twaibu kuti aimitse tepi. Kenako anafunsa kuti njinga yakuda imene yatsamira pakhomo ndi ya yani. Inali yanga. Anailowetsa okha, anaiimika kutsogolo kwa anthu onse, natulutsa sipanala m'thumba n'kundipatsa.

"Che Jafali, tamasulani pedulo ya kumanzereyi."

Ndinagwada. Ndinapotokola mmene aliyense amamasulira nati, chakumanzere. Sinasunthe. Ndinalimbikira mpaka mitsempha inatuluka m'khosi. Anyamata a kabaza anayamba kuseka, m'modzi amvekere, mukumangatu pamenepo achimwene, imeneyo imamasukira kwina! Njinga ndinakwera zaka makumi awiri osadziwa zimenezo.

"Mwaona," anatero Che Nyundo, akuyankhula ndi anthu, osati ine. "Pedulo ya kumanja imamangira uku, ya kumanzere imamangira uko. Anachita dala, kuti ukamapalasa zizidzimanga zokha. Nati ya mapiko ndi chimodzimodzi. Ya mbali ino ndi ya mbali iyo n'zosiyana. Galimoto ikamapita kutsogolo, natiyo imadzilimbitsa yokha. Ngakhale umenye kawiri ngati waulesi uyu, siingamasuke mmene aonetsera apa. Amene anapanga filimuyi sanagwirepo nyundo."

Kenako anapitiriza.

"Tsono za ine. N'zoona, bwana wanga anafa, ndipo wilo ndinamanga ndine. Dzulo lake poyeserera anathyola habu ya kumanja, chitsulo chimene wilo limakhalapo. Yotsala m'galaja inali ya kumanzere. Ndinamuuza kuti patrao, bwana wanga, iyi tikaiika kumanja, mmalo modzimanga izidzimasula. Anati ndimenyetse basi, iye sangasiye mpikisano chifukwa cha mantha a munthu wakuda. Ndinamenya mpaka mpini wa nyundo unathyoka. Ndinamangiriranso ndi waya. Inapirira maulendo khumi kuzungulira bwalo. Apolisi ndinawauza zonsezi, koma wakufa anali mzungu, wamoyo ndinali ine."

Anakweza manja awo onse awiri kuti anthu awaone bwino, kenako anatenga sipanala yawo m'manja mwanga n'kutuluka. Filimuyo palibe anafuna kuimaliza. Che Twaibu sanandiyankhule masiku anayi.

Amene anali m'nyumbamo anawakhulupirira onse. Koma nkhani ikamatuluka pakhomo imasiya miyendo ina m'nyumba. Imene inafika kudepoti ndi ku Namwera inali yaifupi: makaniko wa ku Mozambiki uja anapha bwana wake ndi wilo. Za pedulo palibe anazinyamula. Eni malole anayamba kulambalala kachisakasa kaja. Wina ankabwera ndi pulaimasi, wina ndi loko, koma galimoto ayi. Isanathe miyezi itatu, Che Nyundo ndi Abiti Omari anakweza katundu wawo pa matola n'kupita ku Nkope. Che Twaibu atawafunsa kuti bwanji kunyanja, anangoyankha kuti boti lilibe mawilo.

Ndiye ndinapambana. Mpando wa ndalema uja ndinayamba kukhalapo ine. Koma kupambana kwake kunali kwa mtundu wanji? Filimu ya galimoto ikafika pokoma, wina kumbuyo ankafunsa kuti kodi apa Che Nyundo akanati chiyani? Ndikathira zanga, anyamata ankakuwa mentira, tsopano akunena ine. Munthu anali ku Nkope, koma nyumba yonse inali yake.

Kunyanjako dzina lawo linamera kachiwiri, ndipo linakula kuposa la m'tauni. Asodzi ankanyamula injini za maboti pamapewa kuchokera madooko akutali. Ankati Che Nyundo amamva matenda a injini boti lidakali pakati pa nyanja, likamafika pagombe n'kuti atatulutsa kale sipanala yoyenera. Nkhondo itatha, anzawo atakwera mabasi kubwerera kwawo, iwo anakana. Anati ku Beira kulibe amene akuwadikira kupatula manda a mzungu uja. Vidiyo sanalowenso moyo wawo wonse, ngakhale itafika ku Nkope komweko, pafupi ndi nyumba yawo. Za mipikisano sanakambenso. Achinyamata a kumeneko amene ndinacheza nawo pa sadaka sankadziwa n'komwe kuti munthuyu anagwirapo galimoto yothamanga. Nkhani zonse zija, za fumbi, za migolo, za amuna khumi osadya, ndinazitseka ndine.

Ndinapitako kamodzi kokha ali moyo, Abiti Omari atamwalira. Ndinati ndikapepese maliro, ndipo m'njira monse ndinkayeseza mawu ena oti ndikanene. Ndinawapeza pantchito, atakalamba, maso atayamba kuchita nkhungu. Anandilandira bwino, anandipatsa chitsa chokhalira, anatuma tiyi. Tinakamba za mwera, za kusowa kwa chambo, za Che Twaibu amene anali atatisiya. Kenako ine, mmalo monena chimene ndinadzera, ndinaseka n'kunena kuti koma filimu ija inakulakwirani, Che Nyundo.

Anaika sipanala pansi.

"Filimu ija sinandilakwire, Che Jafali. Anaipanga anthu akutali, osandidziwa. Inu munkandidziwa."

Sanakweze mawu, ndipo atatero anatolanso sipanala yawo. Ine ndinamwa tiyi uja mpaka kutha, ndinayamikira kuti ndi wabwino, ndinatsanzika. Mawu anga opepesa aja ndinabwerera nawo ku Mangochi ali m'kamwa. Ndinkati ndidzapitanso ikatha Ramadhani, kenako ikatha mvula, mpaka uthenga unandipeza pamsika kuti Che Nyundo aikidwa dzulo.

Sadaka itatha Lachisanu lija, anthu akusamba m'manja, ndinazemba n'kutsikira kugombe kumene ankagwirira ntchito. Ndi kachisakasa ka bango, mbali imodzi katayamba kale kugwa. Mchenga wa pansi pake ndi wakuda ndi oilo wa zaka zambiri, wolimba ngati simenti, ndipo pakati pali malo awiri okumbika pamene ankaponda. Zida zonse achibale anachotsa. Pakhoma pangotsala misomali ndi mizere ya makala yosonyeza pamene chilichonse chinkakhala. Pali thabwa lopingasa lokolekapo injini, pansi pake mgolo wodulidwa pakati umene ankathiramo madzi poziyesa. Pathabwapo panali injini imodzi ya boti, chivindikiro chili chotsegula, mwini wake sanabwere kudzaitenga.

Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinavula chisoti n'kunena kuti pepani, Che Amadu, ndinalakwa ndine. Ndinanena mokweza, kawiri. Madzi a mumgolo muja anali atachita ndere, ndipo udzudzu unali utayamba kuswana momwemo.